Kalavani ya a Orest pa Malo Nambala 14

Taganizirani m'mawa wa tsiku la sukulu m'mwezi wa Febuluwale. Kunja kudakali mbuu, chipale chofewa chaunjikana m'mbali mwa msewu mpaka kulekeza m'chiuno, ndipo ana ayima pa geti la famu atadzikulunga, maso okha ali panja. Basi yachikasu itulukira pakona. Pa famu yomaliza msewu umathera pomwepo ndipo palibe potembenukira, choncho basiyo ibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kulowa pakati pa nsanamira ziwiri za mpanda, osakhudza ngakhale waya. Woyendetsayo ndi a Orest Palamarchuk. Anachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ambiri mwa ana amene ndinawaphunzitsa kuwerenga ankafika pakhomo la kalasi yanga atatsika m'basi yawo.

Bambo awo a Orest ankagwira ntchito m'migodi ya malasha kuno ku Crowsnest. Nawonso a Orest anayesako chaka chimodzi, koma anatuluka akunena kuti munthu amayenera kuona kumene akupita. Anali munthu wosalankhulalankhula. Pansi pa mpando wawo ankasunga katoni ya magolovesi akale, ndipo mwana wokwera basi manja ali pamtunda ankatsika atavala, ngakhale limodzi likhale lofiira linalo lobiriwira. Kunyada kwawo kunali kumodzi kokha: kubwerera m'mbuyo. Sankalola munthu kuima kumbuyo kwa galimoto n'kumawakodola ndi manja.

"Galasi silinama," ankatero. "Amanama ndi anthu."

Iwo ndi akazi awo, a Noreen, anali ndi ana asanu. Woyamba anali Larysa, mtsikana amene ali mu giredi yachitatu ankamanga bandeji zidole zonse za m'kalasi, ngakhale zosavulala.

Banja la anthu asanu ndi awiri silikwana m'kalavani wamba, ndipo kalavani yaikulu galimoto yawo yakale sikanatha kuikoka kukwera mapiri. Ndiye anagula ya mtundu umene amati yosakaniza. Pakati pake ndi bokosi lolimba ngati kalavani ina iliyonse, muli chitofu, sinki ndi tebulo. Koma khoma lakutsogolo ndi lakumbuyo amazitsitsa kuti zigone chopingasa, n'kukhala mabedi awiri aakulu otulukira kunja, ofundidwa ndi chinsalu cha tenti. Pamsewu ndi yaifupi ndi yopepuka, ikafika imatambasuka. Mwezi wa Julaye uliwonse ankaikokera ku kampu ya Larch Bend, ulendo wa maola anayi, ndipo chaka chilichonse ankasungitsa malo omwewo, nambala 14, pomwe pali mitengo iwiri ya paini kumbuyo ndipo mtsinje umamveka osaoneka.

Chaka china chimbalangondo chinang'amba tenti pa kampupo chikutsata fungo la soseji. Mwamwayi munalibe munthu. Chaka chotsatira kalata inafika kwa onse ozolowera kupitako: kuyambira tsopano pa Larch Bend pazigona okhawo amene ali ndi makoma olimba mbali zonse. Tenti ayi. Chinsalu, kaya chachikulu kaya chaching'ono, ayi.

Eni makalavani osakaniza ali ndi njira yawo yozembera lamulo lotere. Amati kuchita kamba: osatsitsa mabedi, kungodzitsekera m'bokosi lapakati, ena kugona patebulo, ena pansi. Kwa anthu awiri kapena atatu zimatheka. A Orest anayeza pansi ndi tepi, n'kupeza kuti angapanikizemo anthu anayi basi. Chaka chimenecho sanapite.

Kenako Larysa anasankhidwa kukaphunzira unamwino ku Halifax, kutsidya lina la dziko. Anayenera kunyamuka mu Seputembala. Pa chakudya cha Khirisimasi amayi ake anamufunsa chimene akufuna kuti amuchitire asanapite.

"Sutikesi ndili nayo kale," anatero Larysa. "Ine ndikungofuna kukadzukanso pa 14. Tonse, ngakhale ojona omwe."

"Ojona ndi ndani?" anafunsa a Orest.

"Ababa, zimbalangondo sizinafikepo pa 14 zaka zonsezi. Mukuganiza kuti zinkaopa chiyani?"

Ana onse anaseka. A Orest sanaseke, anangoyang'ana pawindo, komwe kalavani inali itakwiririka ndi chipale.

Sabata yomweyo analembera ofesi yoyang'anira kampuyo kufunsa ngati kalavani yosakaniza ingaloledwe itavekedwa makoma olimba pa mabedi. Yankho linali lalifupi. Chinsalu chisaoneke paliponse, matayala onse akhale pa miyala ya malowo, kutsogolo kusadutse chikhomo cha m'mbali mwa msewu, ndipo wopereka chilolezo chomaliza ndi woyang'anira pa geti akaona ndi maso ake.

Kuyambira Januwale mpaka Meyi, akangosiya ana kusukulu m'mawa, ankalowa m'galaja mpaka nthawi yokawatenga. Anadula matabwa opyapyala, kuwakuta ndi malata a aluminiyamu, n'kuwalumikiza ndi mahinjesi kuti azipindika ulendo ukayamba. Oyamba analemera kwambiri moti bedi linawerama. Achiwiri ankadontha pamene anawathira madzi ndi payipi, ndipo mwana wawo wamng'ono, amene anamugoneka mkati kuti aone, anatuluka ngati nkhuku yonyowa. Achitatu anakhala bwino. Bedi lililonse tsopano linali kabokosi ka makona anayi, kokhala ndi denga lake ndi kawindo kakang'ono. Anayeza zonse kawiri: kutalika, kulemera, mphamvu ya zitsulo zochirikiza. Papepala losungitsira malo analemba kutalika kwa mafiti khumi ndi asanu ndi anayi, monga ankalembera chaka chilichonse.

Anafika pa geti la Larch Bend Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo. Woyang'anira anali Mayi Lindqvist, mayi wamfupi wa chipewa chachikulu, amene chilimwe cha chaka chapitacho anabweza makalavani osakaniza oposa makumi atatu, ena ana akulira m'galimoto. Sankasangalala nazo, koma sanaphonyepo ngakhale imodzi.

"Bambo Palamarchuk, kalata yanu ndinaiona," anatero. "Tsitsani mabedi tione."

A Orest anatsitsa, n'kuimika makoma limodzi limodzi. Mayi Lindqvist anazungulira, anagogoda malata ndi chibakera, analowetsa chala m'mipata, kenako anatsamira khoma ndi thupi lonse.

"Ndikanakhala chimbalangondo ndikanapita kwa aneba," anatero. "Za chinsalu mwakhoza. Tiyeni ku 14 ndikaone mukaima."

Aliyense wozolowera kampu amadziwa kuti palibe chisangalatso choposa kuonerera mnzako akulowetsa kalavani chobwerera. Anthu amatulutsa mipando, khofi m'manja, kudikira kuti mwamuna ndi mkazi ayambe kukalipirana. Tsiku limenelo nafenso tinali pa 16, ndipo mipando inali itandandalikidwa kale. A Orest analowetsa kamodzi kokha, osabwereza, monga mwa nthawi zonse. Anthu anakhumudwa pang'ono.

Bedi lakutsogolo linatsika bwinobwino pamwamba pa chokokera. Atapita kumbuyo, anatsitsa bedi, anaimika khoma lakumanzere, koma lakumanja linakana. Ngodya yake yapamwamba inagunda thunthu la paini.

A Orest anaima chilili, dzanja lili pakhomapo. Zaka zonsezo chinsalu chinkangotsamira mtengowo n'kupindika, palibe amene ankalabadira. Denga la tenti ndi lozungulira, limapapatiza kumwamba. Bokosi lawo linali la makona, ndipo malata sapindikira mtengo. Miyezi isanu anayeza chilichonse cha pa kalavani, koma mtengo sanauganizire.

"Achimwene," anafuula a Sorge, mkulu wopuma pantchito wa pa 15, ali pampando, "firiji yanuyo ndi yabwino, koma khitchini yachepa."

"Sunthirani kutsogolo pang'ono," anatero a Noreen.

"Kutsogolo kuli kale pa chikhomo," anayankha a Orest.

Mayi Lindqvist anatambasula tepi yawo. Panafunika mainchi asanu ndi awiri.

"Ndili ndi sowo m'galimoto," a Sorge anatero motsitsa mawu.

"Ndamva zimenezo, Bambo Sorge," anatero Mayi Lindqvist osacheuka. "Mukakhudza mtengo umenewo mugona kwanu lero." Kenako anatembenukira kwa a Orest, ndipo mawu awo anafewa. "Malo ena onse ndi odzaza mpaka Ogasiti. Mutsegule bedi limodzi lakutsogolo, lakumbuyo mutseke."

A Noreen anawerenga ndi zala. Bedi limodzi ndi tebulo, anthu asanu. Awiri akanasowa pogona, ndipo kunja sikuloledwa. Ndiye kuti ena abwerere, kapena abwerere onse. Larysa anayamba kutola matumba amene azing'ono ake anali atatsitsa kale, kuwabwezera m'galimoto.

A Orest anapita kumbuyo, anayenda kuchoka pa mtengo wina kufika pa unzake akuwerenga mapazi. Anagwada, kuyang'ana m'mphepete mwa miyala. Kenako anafunsa Mayi Lindqvist ngati lamulo limanena kuti kalavani iziima mowongoka.

"Limanena za matayala ndi chikhomo basi."

"Ndikaimika mopendeketsa, bokosi lilowa pakati pa mitengo iwiriyo. Mpata ulipo, koma wotsala ndi wa chikhatho chimodzi uku ndi uku." Anakanda kumutu. "Kungoti sindingalotere. Ndiyenera kubwerera bokosi lili chiimikire."

Anatulutsa kalavani mumsewu, anaimika makoma onse akumbuyo, n'kukwera m'galimoto. Anayang'ana pagalasi lakumanzere, anayang'ana lakumanja. Ngodya zapamwamba za bokosilo sizinkaoneka konse. Anakhala choncho kwa kanthawi, injini ikulira. Kenako anatsitsa windo.

"Larysa."

"Ababa?"

"Kaime kumbuyoko. Uzindiuza."

A Noreen anagwira pakamwa. A Sorge anaika khofi wawo pansi.

"Ababa, paja galasi silinama?" anatero Larysa.

"Silinama, koma lero silikuona. Pita."

Larysa anakaima pambali pa mtengo wakumanja, pomwe bambo ake akanamuona pagalasi, n'kukweza manja awiri motalikirana, kusonyeza mpata wotsala. Kalavani inayamba kuyenda pang'onopang'ono moti miyala inkamveka umodzi umodzi pansi pa matayala. Manja aja ankayandikana. Mwadzidzidzi anakunga chibakera, galimoto inaima.

"Mwapendeka kwambiri. Pitani kutsogolo."

"Sindinapendeke."

"Mwandiitana kuti ndizikuuzani kapena kuti ndizikuvomerezani?"

A Orest anapita kutsogolo. Aka kanali koyamba kuti anthu a kuno awaone akubwereza, ndipo palibe amene anaseka. Kachiwiri tayala lakumanzere linatsala pang'ono kutsika pa miyala, Mayi Lindqvist analoza ndi phazi, a Orest anabwerezanso. Kachitatu bokosi linalowa pakati pa mitengo, masamba akukwecha malata, mpaka Larysa anagundanitsa zikhatho zake.

Mayi Lindqvist anayang'ana matayala onse, anapita kutsogolo kukayeza pa chikhomo, anabwerera kumbuyo n'kulowetsa dzanja pakati pa khoma ndi thunthu. Linalowa mpaka m'zala zokha. Anatulutsa kakhadi kobiriwira m'thumba, analembapo masiku asanu ndi awiri, n'kukapachika pa chikhomo cha 14.

"Chaka chamawa mtengowu udzakhala utanenepa," anatero.

"Nanenso ndidzakhala nditaphunzira," anayankha a Orest.

A Noreen anawiritsa mapirogi, timitanda ta ufa toika mbatata mkati, m'poto wamkulu, ndipo a Sorge anabwera ndi mbale yawo osaitanidwa, akunena kuti abwera kudzayendera firiji. M'mawa mwake Larysa ndiye anayamba kudzuka. Anatsegula kawindo ka bokosi lakumbuyo, nthambi ya paini inalowa mkati, ndipo anaisiya choncho sabata yonse.

Banjali lisananyamuke, Mayi Lindqvist anapempha a Orest nambala ya foni. Anati atopa ndi kubweza mabanja pa geti opanda chowauza. Kuyambira chilimwe chimenecho, aliyense wobwezedwa chifukwa cha chinsalu ankalandira kapepala kolembedwa dzina la a Orest. Ena ankaimba, ena ayi. Woimba aliyense ankafunsidwa funso lomwelo asananene za kalavani yake: pa malo amene mumagonapo, kumbuyo kuli chiyani? Ngati munthuyo sakudziwa, a Orest ankapita okha ndi tepi.

Larysa anamaliza maphunziro ake ndipo amagwira ntchito ku chipatala cha ana kutsidya komweko. Amabwera mu Julaye akapeza tchuthi, ndipo akakhalapo ndi iye amene amaima kumbuyo. Akapanda kubwera amaima a Noreen, amene amati anadikira zaka makumi atatu kuti amuna awo awamvere.

Pamene a Orest ankapuma pa ntchito ya basi, anali ataveka makoma olimba makalavani khumi ndi imodzi a mabanja ena, ndipo onsewo analoledwa pa geti la Larch Bend.