Udzu pa Malata a Atate

Chikwakwa cha amayi chinali ndi chigwiriro chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo chinkakhala chotsomeka kuseri kwa chitseko kudikira mwezi wa Ogasiti. Mphepo ya fumbi ikangoyamba ku komboni yathu ya Kanyama, amayi ankachinola pamwala, ife n'kudziwa kuti yakwana nthawi yokonzekera dzuwa. Ankamweta udzu kudambo, amalume n'kubwera kudzaukhuthalitsa padenga. Mtsuko ankaukwirira pakona mpaka m'khosi kuti madzi azizizira. Nyumba yathu inali yonyozeka, koma masana munthu ankagonamo tulo.

Chaka chimene ndikunenachi Welensky adakali kulamulira dziko, ine ndili mu Sitandade Wanu, mng'ono wanga ali kubere. Atate ankathirira kapinga wa Mzungu kumayadi. Mzunguyo atasintha denga la garaja anawapatsa malata akalewo, adzimbiri, obooka misomali. Atate anawatuta pa njinga akuimba nyimbo za kwawo ku Nyasalande. Anasasula udzu wonse, n'kukhoma malata pa zipupa zathu zazifupi zija, zopanda ndi windo lomwe. Komboni yonse inabwera kudzaona. Inenso ndinanyada, ndisaname, mpaka kusukulu ndinakauza aphunzitsi.

Amayi sanatsutse. Anangomweta udzu monga mwa chaka chilichonse, n'kuitana amalume kuti auyale pamwamba pa malatawo. Atate pobwera madzulo anaima panjira osalowa m'nyumba.

"Manje anthu adzadziwa bwanji kuti ni nyumba ya malata?"

Anakwera padenga okha n'kuukankhira pansi udzu wonse. Amalume anayesa kunena za mwana, atate anawakumbutsa kuti mlamu salamula pakhomo pa mwamuna mnzake. Mitolo ija inaunjikidwa kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Ndiye Okutobala anafika. Mayo ine, kutentha kumene kuja! Dzuwa likafika pamutu malata ankalira, the the the, ngati wina akuponyapo timiyala. Ukaimirira m'nyumba tsitsi linkanunkha kupserera. Kandulo anapindika yekha pa shelefu. Panja panalibe mtengo ndi umodzi womwe, miyala yokhayokha ndi fumbi lolowa m'mano. Amayi ankanyowetsa saka n'kulipachika pakhomo, koma lisanathe ola linali litauma gwa, ndipo madziwo ankachokera kuchitsime cha kutali.

Atate zonsezi sankaziona. Ankachoka kusanache, kubwera dzuwa litalowa, tsiku lonse ali ndi paipi m'manja pansi pa mitengo ya Mzungu. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankakakhala ndi anzawo a kumudzi mpaka madzulo. Pano ndakalamba, ndamva zambiri zoti amuna a nthawi ija ankatchedwa boyi kuntchito, ndiye ankafuna kanthu kamodzi kowapatsa ulemu. Ndimamva. Koma ulemu umenewo tinkaupsera ndi ife, ndipo mpaka lero mtima wanga sunawakhululukire.

Mwana anayamba ndi tizidzolo m'khosi. Kenaka kutsegula m'mimba. Amayi anamugoneka pansi pafupi ndi mtsuko, n'kumamukupiza ndi chivundikiro cha poto. Anapemphanso za udzu kawiri konse, ndinamva ndi makutu anga, atate n'kuyankha kuti mvula ili pafupi. Liwombo linalowa. Kulira kunasanduka kung'ung'udza kosamveka bwino. Amayi anamubereka kupita kuchipatala wapansi, nabwerako atamufunditsa nsalu mpaka kumutu.

Sindinena kuti malata ndiwo anapha mwana. Ana ankafa chaka chimenecho ngakhale m'nyumba za udzu. Koma pamaliro azimayi analephera kukhala m'nyumba ndi amayi monga mwa mwambo. Ankalowa, kupukuta thukuta, n'kutuluka mmodzimmodzi kukatsamira chipupa cha aneba. Atate anaona zimenezo.

M'mawa mwake titaika maliro sanapite kuntchito. Anakwera padenga n'kuyala udzu uja bwinobwino, mtolo ndi mtolo, kuumanga ndi waya mpaka lata silinkaonekanso. Masana ndinalowa m'nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere Ogasiti munali mozizira. Ndinagona chagada pansi, kenaka ndinathamangira amayi kuseri ndikuseka, kukawauza kuti abwere adzamve.

Amayi anandiyang'ana osaphethira. Anadzuka, kumanga chitenje, kuponda pa mtondo n'kukwera padenga, iwo amene sanakwerepo chibadwire. Anayamba kuzula udzu ndi manja, waya akuwacheka zala, aneba ali chilili. Atate anaima pansi chipewa chili m'manja.

"Usiyeni, mayi," anatero motsitsa.

"Iyayi, batate bake. Lekani bantu baone malata yanu."

Ine ndinagwira mwendo wa atate n'kulira mokweza kuposa mmene ndinalirira kumanda. Ndinkaona kuti amayi achita nkhanza, ndipo masiku ambiri ndinawakwiyira chifukwa chondilanda mthunzi.