Mwana Wanga Kunkhondo ya Eni Ake

Chaka chimene dziko lalikulu lija lozizira linalowa ndi akasinja m'dziko loyandikana nalo, mwana wanga wamkazi anali atangopeza mwayi wokaphunzira udokotala kudziko lalikululo. Ine ndinakana. Ndinati sindingatumize mwana kunyumba imene mwini wake wangotuluka ndi chikwanje kukayamba anzake.

Koma amuna anga, abale! Ndi aja amaswera pa bawo pa Biwi pano wailesi ili pakhutu, za m'mayiko akutali amazidziwa kuposa za pakhomo pawo.

"Amayi, izi inu simuzitsata," anatero. "Amenewo ndi akatundu. Sabata imodzi yokha athana nako kadzikoko. Ndiponso mabomba akugwa kwa anzawo, osati kwawo."

Kwathu ku Dedza nkhani ya mwana amaidula ndi amalume ake, ndiye ndinaitanitsa achimwene anga a ku Area 23 kuti adzandithandize kukana. Ndinawaphera nkhuku. Anadya, anatokosa m'mano, kenako ati alamu akunena zoona, mbumba yathu ikufunika dokotala. Potuluka ndinawamva akunong'oneza mwanayo kuti akafika awatumizire foni. Nkhuku yanga inangofera chabe.

Mwana anapita. Miyezi yoyamba ankatumiza zithunzi akumwetulira, bambo ake n'kumazizungulitsa pa bawo ngati satifiketi. Sabata yawo ija inakwana, ina inadutsa, chaka chinatha, nkhondo osatha ayi. Ndikawafunsa amuna anga, ati akuluakuluwo akungokanyengerera kadzikoko, akanafuna akanamaliza kale. Ha! Kunyengerera kwake kotani kotha chaka?

Kenako mawu a mwana pafoni anasintha. Anati zinthu m'sitolo zikukwera sabata iliyonse, kandalama kamene boma lakumeneko limawapatsa sikafikanso pakati pa mwezi. Makina ophunzirira akawonongeka ankangowafunditsa nsalu, poti mayiko amene amapanga zipangizo zake anasiya kuwagulitsa. Aphunzitsi aamuna ankasowa mmodzimmodzi, ena atengedwa kunkhondo, ena athawa. Tinayesa kumutumizira kangachepe, kubanki anatibweza, ati njira yopita kumeneko inatsekedwa. Taonani zamanyazi: anthu pa Biwi ankati ife tikudya za kunja, pamene ine ndinali kusakasaka munthu wopita komweko woti andinyamulire chiponde ndi usipa.

Chimene chinandiphulitsa ndi tsiku limene anandiuza kuti kusukulu kwabwera anthu kudzalemba ophunzira achilendo ganyu ya m'fakitale, chifukwa amuna atha. Ndinamufunsa kuti amapangamo chiyani m'fakitalemo. Anangoti, "Amayi, pafoni pano ayi. Ndikufuna kubwera."

Ndinapita pa bawo pomwepo, chitenje m'chiuno. Amuna anga atamva anandikokera pambali.

"Tsitsani mawu. Abwere opanda pepala? Anthu atiseka. Apirire, akuluakuluwo atsala pang'ono."

"Atsala pang'ono chiyani?" ndinakuwa, ndipo onse anasiya kusewera. "Dziko lolephera kukonza makina a m'kalasi, lotola ana a eni kuti aliumbire zida, ndiye lamphamvu lanulo? Anayamba okha, akudzidya okha, ndiye adyerenso kumodzi mwana wanga? Aseke amene akuseka!"

Achimwene nditawaimbira anati tidikire msonkhano wa banja. Ndinawadulira foni. Mawa lake ndinagulitsa makina anga osokera, amayi anzanga akutchalitchi anasonkha pamwamba, ndipo mnzake wina wa mwanayo anatithandiza kugula tikiti yodzera m'mayiko atatu, poti ndege zambiri zinasiya kutera kumeneko.

Mwana wanga anafika atawonda, makutu okha. Ndinalira ndi chimwemwe, komanso mtima unkandiwawa ndikaganiza zaka ziwiri zimene zinapita m'madzi. Bambo ake anamulandira bwino ndithu, sindingawanamizire. Koma titangokhala pansi kuti timwe tiyi, chibadwa chinawakanika kubisa.

"Nanga mwanawe, iwe wachokera komweko. Akupambana ndani kwenikweni?"

Mwanayo anaika kapu pansi.

"Ababa, mtsikana amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ndi wakomweko. Achimwene ake awiri anapita kunkhondoko. Woyamba anabwera m'bokosi. Wachiwiri bokosi linabwera, koma anawaletsa kutsegula. Nambala yake ndili nayo. Ndimuimbire mumufunse nokha?"

Anatulutsa foni n'kuwapatsa m'manja. Amuna anga, amene pakamwa pawo sipauma, anangoiyang'ana. Tiyi anazizira foni idakali m'manja mwawo.