Galu wa kumanzere kwa bambo

Nkhondo itatha, titabwerako ku Malawi komwe tinathawira, bambo anayamba kupikula nsomba kunyanja ya Chiuta. Njira ya kudoko inkadutsa pakati pa nyumba za Asilamu, ndipo kwa iwo galu akanyambita mkanjo, umayenera kuchapidwa munthu asanapite kokaswali. Bambo sankafuna kuyambana ndi anthu owagulitsa nsomba, koma galu wawo sankalola kutsala pakhomo. Choncho anamuphunzitsa kuyenda pafupi ndi bondo lawo lamanzere, poti kumanja ankakankha njinga.

Ankafumbata katemba kouma m'dzanja lamanzere, dzanjalo lili pabondo. Galu akatsogola, iwo ankangoima mpaka abwerere yekha. Akafika pabondo m'pamene ankafumbatula dzanja. Ine zinkandinyansa, chifukwa ulendo waufupi unkatidyera m'mawa wonse.

Mwendo wamanzere wa bambo unali wopuwala, ankachita kuukoka. Galuyo anatengera kayendedwe komweko. Ankaponda, n'kudikira pang'ono kuti mwendo ufike, kenako n'kupondanso.

Bambo atamwalira, ntchito ya nsomba inagwera ine. Tsiku loyamba galu anabwera yekha kumanzere kwanga, osamuitana. Ndinayenda mwachangu monga ndinazolowera, koma iye ankatsalira, akuimaima kudikira mwendo umene tinali titauika kale m'manda. Ndinamukalipira, ndinamuonetsa katemba, koma sizinathandize. Mapeto ake ndine ndinagonja n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono.

Anthu a kudoko ankati ndayamba kuyenda ngati bambo anga. Sindinawauze amene anandiphunzitsa.