Ndinathira thukuta la mwana wanga pa fulashi ya mlesi

Inu owerenga, ndiyambe n'kuulula uchitsiru wanga. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti za m'kompyuta sizibedwa. Ndinkati kuba n'kumene mwini wake watsala chimanjamanja. Koma kukopera? Kumeneko n'kupala moto kwa mnzako, wake suzima. Ndi nzeru za munthu wolekeza Sitandade 6, koma musaseke kwambiri, poti ena a inu muli ndi madigiri ndipo mumaganiza chimodzimodzi.

Nditapuma ntchito ya umesenjala ndinatsegula kashopu pa Ginnery Corner, kopulinta ndi kumanga mabuku a ana a ku koleji. Ana ake atiwo! Munthu tayi pakhosi, Chingerezi cha m'mphuno, koma mumuuze alembe tsamba limodzi la m'mutu mwake, thukuta kamukamu ngati akukwera phiri la Mpingwe atasenza thumba la simenti. Aliyense wodzapulinta kafukufuku wake, ine ndinkatsala ndi kope m'kompyuta. Alesi akabwera akulira kuti, "Madala, tipulumutseni," ndinkawathirira pa fulashi, iwo n'kukasintha dzina ndi mutu. Ankanditcha Pulofesa, ine n'kumavomera.

Mwana wanga womaliza, Esinati, sanali wa gulu limenelo. Chaka chake chotsiriza anapita kwathu ku Nsanje, kuyenda m'minda akufunsa alimi a thonje, mpaka anadwalirako malungo. Atalemba anabwera nazo kwa ine kuti ndimupulintire, aphunzitsi ake akaone kaye. Ndinasunga kope monga mwa chizolowezi.

Patapita milungu kunatulukira mnyamata wa koleji ina, wonunkhira mafuta okwera mtengo, akufuna chilichonse cha ulimi. Sindikunamizani, ndinkadziwa kuti ndikum'patsa cha Esinati. Ndinangoti wina amaphunzira ku Limbe, wina m'tauni, mapepalawa akakumana kuti? Komanso kunyada kunandigwira, poti cha mwana wanga ndicho chinali chokoma kuposa zonse zimene ndinasunga.

Sindinkadziwa kuti masiku ano aphunzitsi ali ndi chida pa intaneti chimene chimanunkhiza zolemba ngati galu wa apolisi, ndipo chimasunga chilichonse chimene achidyetsa. Mnyamata uja anapereka msanga, paja wakuba alibe choti akonze. Esinati anali akupukutabe ziganizo zake. Atapereka, chida chija chinati wakopera. Chitsiru cha makina! Chimadziwa amene wafika poyamba, osati amene anapsa ndi dzuwa.

Esinati anamuitana ku komiti ya koleji. Ndinapita naye nditavala jekete la ku tchalitchi, ndipo ndinaulula zonse. Mabwana aja anandiyang'ana ngati ntchentche yagwera mu tiyi. Mmodzi anafunsa, "Bambo, simudziwa kuti zolemba zili ndi mwini?" Ndinati ndadziwira pompano. Makope amene ankalembamo ku munda anamupulumutsa kuti asachotsedwe sukulu, koma mabwanawo anati nkhani ifufuzidwe kaye ku makoleji onse awiri, ndipo dzina lake analichotsa pa ovala gauni chaka chimenecho. M'minibasi yobwerera ku Bangwe iye anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Sanacheuke mpaka tinatsika.

Ndiye inu a mashopu ngati anga, mukapulinta cha munthu fufutani mwini wake akuona. Inu alesi a matayi, digiri yogula pa fulashi ndi chikwama chopanda kanthu, ndipo kumbuyo kwake kuli wina amene akulira. Ine ndinamuona wolirayo, amadya m'nyumba mwanga.

Madzulo a tsiku la komiti lija mayi ake a Esinati sanakalipe. Anatsegula sutikesi, natulutsa diresi la chitenje limene anasoketsa kuti akavale pa mwambo wa mwana wawo, naliyala pa miyendo panga.

"Bambo a Esinati, ili muvale ndinu. Mawa mukaime nalo pa shopu panu paja, makasitomala anu akuimbireni m'manja."