Tinatsika Phiri ndi Bokosi la Achimwene

Ndinadzuka kusanache, ngati kuja n'kugona. Ndinali nditangotsamira khoma m'nyumba ya siwa, pafupi ndi bokosi la achimwene anga a Lufeyo. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi kuimba. Panja chiperoni chinkawaza, nkhungu itaphimba mitengo ya paini, abambo ataunjikana pamoto. Kuseri kwa nyumba azimayi anali atatereka kale nyemba, koma nkhuni zonyowa zinkangofuka.

Achimwene ankayendetsa lole yonyamula matabwa kuchokera kuno kuphiri kupita m'tauni. Anafera pakona ina ya msewu wotsika, lole itagubuduzika. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti pali dzanja la munthu. Ine ndinkadziwa zina. Wapolisi amene anatiperekeza kumochale anandiuza kuti anapeza injini itazimitsidwa, giya itachotsedwa, mabuleki atapsa. Achimwene ankatsika phiri chonchi kuti dizilo asathe msanga. Sindinauze munthu, ngakhale alamu anga, akazi awo. Ndikanayambira pati?

Kutacha anthu anayamba kufika: ocheka matabwa, madalaivala, anzanga amene timagulitsa nawo zipatso mumsewu, achibale a ku Chinamwali atakwera phiri wapansi. Manda athu ali kumunsi, kupitirira Chinamwali, choncho bokosi linayenera kutsika msewu womwewo. Tiyi amene anandipatsa anazizira m'manja. Mtima wanga unali pamsewupo basi.

Bwana wa achimwene anatumiza lole ina. Woyendetsa anali Yohane, amene kwa zaka zambiri ankathandiza achimwene kukweza ndi kumanga matabwa. Sindinkadziwa n'komwe kuti anayamba kugwira chiwongolero. Anakweza bokosi, kenako akwaya, kenako azimayi, ena ana ali kumsana, mpaka kumbuyo kunadzaza thothotho. Ine ndi alamu anatiika kutsogolo. Namfedwa sayankhula panjira. Amafunda chitenje kumutu n'kuyang'ana pansi. Ndinafunda, koma maso anali pa dzanja la Yohane.

Titangodutsa damu n'kuyamba kutsetsereka, dzanja lija linakankha giya, linalo n'kupotokola kiyi. Injini inati zii. Nyimbo ya kumbuyo inamveka bwino, ngati tili m'tchalitchi. Kona yoyamba tinaidutsa. Yachiwiri alamu anandigwera paphewa. Kenako ndinamva fungo la chinthu chopsa.

Ndinataya chitenje.

"Yohane, liza galimoto! Ukufuna kutipha?"

"Musaope mayi," anatero, akumwetulira. "Ndi mmene ankatsikira malemu. Anandiphunzitsa okha."

Mayo ine! Ndinakuwa mpaka nyimbo inaduka. Ndinamenya chitseko, ndinatchula dzina la Yesu, ndinamutukwana mwana wa eni ake, zoona ndinamutukwana. Anaponda buleki, lole osamva. Anapondanso, anapopa, nkhope itasintha. Tinakaima movutikira pamalo otakasuka pomwe timayala zipatso zathu, utsi ukutuluka kumateyala.

Ndinatsika n'kukhala pansi pamatope. Azibambo anati ndazunguzika ndi chisoni. Azakhali anandikalipira kuti ndikuchititsa manyazi maliro, adzukulu akudikira kumanda. Ndinawayankha kuti adzukuluwo akumbiretu manda ena, chifukwa ine sindikweranso. Pamenepo ndinaulula zimene wapolisi anandiuza, pamaso pa alamu, bokosi lili pompo. Alamu anandiyang'ana osaphethira. Mpaka lero kuyang'ana kumeneko kumandiwawa.

Mkulu wina wa mpingo, amene ankatitsatira pa galimoto yake, anayandikitsa dzanja kuteyala n'kulibweza msanga. Anati tidikire mabuleki azizire. Anafunsa Yohane kumene anaphunzira, iye n'kuloza bokosi. Mkuluyo anamuuza modekha kuti kusukulu yoyendetsa galimoto amaphunzitsa kuti potsika phiri injini ndiyo imagwira galimoto, buleki imangothandiza. Yohane anati zimenezo sanazimvepo. Sankanama.

Mkuluyo anakhala pambali pa Yohane, ine ndinakwera kumbuyo ndi bokosi. Tinatsika pa giya yoyamba, injini ikubuula, njinga zikutipitirira. Panalibenso woimba. Tinadutsa m'tauni, tinadutsa Chinamwali, akabaza akuima m'mbali n'kuvula zipewa. Tinafika kumanda dzuwa litapendeka, adzukulu atakwiya, koma tonse amoyo.

Ndinaganiza kuti zatha. Koma poyankhula, woimira madalaivala anayamikira achimwene kuti anali munthu wopanda kaduka, wophunzitsa anzake ntchito mwaulere. Anapempha kuti onse amene anaphunzira galimoto m'manja mwa malemu aimirire. Abale inu, anaimirira ambiri. Ena ndinkawadziwa: wa minibasi ya ku Liwonde, wa pikapu yonyamula ana a sukulu ku Masongola, wa lole ya mchenga. Anthu anang'ung'udza moyamikira. Ine ndinafuna kuimirira kuti ndiwachenjeze, koma azakhali anandikoka chitenje, ndipo abusa anayambitsa nyimbo.

Madzulo tinabwerera kuphiri. Anthu anali atabalalika, pabwalo patatsala phulusa ndi mabenchi a tchalitchi. Alamu analowa kuchipinda osandiyankhula. Achimwene ndinkawakonda, anandilera ndi iwo, ndipo ndinawakwiyira tsiku lowaika m'manda.

Ndinakhala pakhonde ndekha. Nyumbayi ili pamwamba pa msewu, ndipo galimoto iliyonse yotsika imamveka. Kusanade bwino ndinaona lole ya matabwa ikutsika, anthu atakhala pamwamba pa katundu. Ndinatchera khutu kuti ndimve injini. Ndinangomva mateyala pa tala wonyowa.