Zigoba za a Chimwaza

Lachiwiri lapitali ndinapita ku Dennistoun, dera lina la mzinda umene tikukhala kuno kudziko la azungu, kukabweza mpoto waukulu umene tinabwereka kwa mayi Chimwaza, anzathu a kumpingo. Ndinapeza mayi akusita, bambo ali m'kachipinda kawo kakumapeto akung'ung'udza okhaokha. Mayi anangondilozera ndi mlomo, ati kawaoneni anzanuwo, kuyambira dzana sakudya bwino.

A Chimwaza anali a gemu kwathu, zaka zambiri akulondera nyama m'nkhalango ku Kasungu. Kuno amalondera nyumba yosungiramo katundu. Chilolezo cha mfuti anachivutikira mpaka imvi kutuluka, ndipo tsopano mlimi wina kunja kwa mzinda anawalola kuti Loweruka akathandize kuchepetsa agwape amene akumuonongera mitengo. Mlimiyo ananeneratu kuti safuna munthu wongovulaza nyama. Akakalakwitsa sadzaitanidwanso, ndipo tchire azingolionera pa windo la sitima.

Vuto linali zipolopolo. Osaka ambiri kuno amadzikonzera okha. Amatenga chigoba chimene chinawomberedwa kale, kuthiramo wonga woyeza bwino, kenako kukhazika mutu wa chipolopolo pakamwa pa chigobacho ndi makina opanikizira. Za a Chimwaza zinkakana kukhala. Anazindandalika patebulo ngati ana a sukulu pamzere, china chachitali, china chachifupi, china chopendekeka. Zina mutu unkalowa wokha akangoukankha ndi chala. Chipolopolo chotere chimapita kumene chafuna.

Anandifotokozera zonse zimene anayesa, ine osadziwa kanthu koma kumangogwedeza mutu. Anamasula kachitsulo kokankhira mutu n'kukapukuta, poganiza kuti mwalowa litsiro. Anamanganso zolimba. Anayeza mitu yonse umodziumodzi. Anasintha magalasi a maso. Mpaka anayamba kunamizira tebulo kuti likugwedera, n'kulipinga ndi pepala lopinda. Ayi ndithu.

Ndili pomwepo anaimbira foni mzungu wina amene amaphunzira naye kuwombera. Iye anangofunsa funso limodzi: zigobazo munazitenga kuti?

A Chimwaza anawerama n'kukoka zitini zitatu za mabisiketi pansi pa tebulo. Zonse zodzaza. Zaka zinayi akupita kumalo ophunzirira kuwombera, ankatola zigoba zimene anzawo ataya, za makampani osiyanasiyana, zina zowomberedwa kambirimbiri mpaka khosi linauma, zina linamasuka. Mzungu uja anati n'chifukwa chake mitu sikukhala mofanana. Ati tayani zonsezo, gulani zatsopano za mtundu umodzi.

Kutaya? Munthu wa kwathu?

Atadula foni anandiuza kuti ku gemu ankapatsidwa zipolopolo zowerengeka, ndipo pobwera kutchire chigoba chilichonse chinkayenera kubwerera kwa bwana. Kusowetsa chimodzi ndiye kuti wagulitsa kwa opha nyama mozemba. Ati tsiku lina anafufuza m'udzu kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, njati zili chapafupi, chifukwa cha chigoba chimodzi. Ndiye lero aone zigoba mbwee pansi, anthu akuziponda, iwo angodutsa? Dzanja limatola lokha.

Ndinafuna kuseka, koma ndiseke ndani? Inu amene mukuwerenganu, tsegulani kabati ya kukhitchini kwanu. Muli zitini zingati za majarini zopanda majarini? Majumbo opindidwa bwinobwino ndi angati? Ine kwanga ku Govanhill, pamwamba pa wadirobu pali sutikesi ya nsapato zimene ana anazikula, mafoni akale, majuzi. Timati n'zotumiza kumudzi. Amene ndinkawasungira nsapatozo pano ali ku sekondale.

Ana athu satimvetsa. Mwana wanga wamkazi akaona ndikutsuka botolo la jamu amandifunsa m'Chingerezi chake cha kuno chija kuti ndikufuna kuchita nalo chiyani. Ndimuuze kuti amayi anga akanaikamo mchere, ndipo likanakhala zaka khumi pashelefu pafupi ndi windo? Amayiwo kulibe, shelefuyo kaya ilipo.

Sindikuti kusamala zinthu n'kulakwa. Kunatilera, ndipo pena ndikaona zimene anthu amataya m'misewu muno mtima umandipweteka. Koma ndazindikira kuti zambiri zimene timasunga sitisungira ntchito. Timasunga kuti tizimva ngati tidakali a kwathu, ngati tsiku lililonse tikhoza kunyamula katundu n'kubwerera kukapeza zonse zili momwe tinazisiyira. Paja amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ine ndimakusowa kwathu, ndinene poyera. Ndimasowa fumbi la mu Okutobala, ndimasowa kupatsidwa moni ndi munthu wosandidziwa. Koma kusowa kumeneku kukayamba kutionongera zimene tili nazo lero, titani nako?

A Chimwaza anagula zigoba zatsopano tsiku lotsatira. Lachinayi anandiimbira kuti ndibwere ndidzaone. Zipolopolo makumi awiri zili ndondondo, zonse msinkhu umodzi. Ndinkayembekezera kuwapeza akumwetulira, koma anali atakhala pampando, zitini zija zili pamiyendo.

"Achimwene, munditayireko izi," anatero. "Ine zandikanika. Ndikataya ndekha ndiye kuti ntchito ija inathadi, ndipo ku Kasungu sindidzalonderakonso."

Mayi anali pakhomo la kachipindako. Anangopita kukabweretsa chikwama cholimba choti ndinyamulire.

Zigoba zimalemera, abale. Ndinakwera nazo basi, zikulira m'chikwama pa bampu iliyonse. Pali malo ogula zitsulo zakale amene a Chimwaza anandilozera, ndipo basiyo imaima pafupi pomwepo. Ndinaona sitejiyo ikubwera, ndinaona ikudutsa. Sindinatsike.

Loweruka masana ananditumizira uthenga wa mawu. Gwape mmodzi, chipolopolo chimodzi, ndipo mlimi wati abwerenso mwezi wamawa. Koma zimenezo anazinena mothamanga. Chimene anakhalitsapo ndi udzu wonyowa. Ati anagwada pamenepo kudikira nyama, fungo la dothi n'kuwalowa m'mphuno, ndipo kwa kanthawi anaiwala kuti ali dziko la eni.

Anamaliza ndi kundithokoza powatayira katundu uja. Sindinawayankhebe. Munthu amene wangopeza kumene tchire lake, ndingamuuze bwanji kuti Kasungu wake ali kuseri kwa chitseko changa, ndipo inenso ndikulephera kumutaya?