Uthenga wa maliro umene sunafike ku Area 12

Lachiwiri lapitali mlongo wanga Esinati anandiimbira foni akulira, akuti abambo asowa.

Abambo athu akukhala kwa iyeyo ku Area 12 chimwalirire amayi, chifukwa cha shuga ndi BP. Mpanda wautali, geti lachitsulo, mlonda pageti. Nkhalamba yoyendera ndodo ingasowe bwanji pamalo otere? Ndinamufunsa funso limeneli, ndipo sindinalifunse mwaulemu.

Mlonda anati bwana aakulu anatuluka m'mawa atavala jekete, akuti akukaongola miyendo. Ine ndi Esinati tinazungulira misewu yonse ya kumeneko, mlamu wanga, mwamuna wakeyo, akuyendetsa galimoto, ine ndikutentheka. Kenako mayi wina wa kwathu wogulitsa tomato anaimba foni kuti wawaona ku Old Town, pokwerera maminibasi a ku Mitundu.

Ndinawapeza atakhala pabenchi la wosoka nsapato, ndodo pakati pa miyendo. Sanali paulendo. Aliyense wotsika minibasi ankamuyang'anitsitsa kumaso, akamuzindikira n'kumuitana kuti awauze za kumudzi. Ine ndinafika mawu okalipa ali kale pamlomo. Anandidula ndisanayambe.

"A Chimkoko anamwalira liti?"

A Chimkoko anali msuweni wawo, ndiponso nkhoswe ya ukwati wawo ndi amayi. Anaikidwa mwezi watha. Ine ndinkayesa abambo akudziwa, kungoti miyendo inawakaniza kupita. Ayi ndithu. Uthenga unafikira kwa Esinati, ndipo iye ndi mwamuna wake anagwirizana zowabisira. Akuti adokotala anati asamamve nkhani zodetsa nkhawa, BP ingakwere. Ndipo maliro obisidwa si amenewa okha.

Ndinamulalatira Esinati pomwepo, anthu akuonerera. Koma mkwiyo utaphwa ndinatsala ndi funso, ndipo landizunguza mutu sabata yonseyi.

Esinati si mwana woipa. Ndiye amawayeza shuga m'mawa uliwonse, amawaphikira ndiwo zawozawo zopanda mchere, amakangana nawo akafuna tiyi wotsekemera. Zimatheka bwanji kuti munthu asamale kholo lake chonchi, kholo n'kuthawa ngati mkaidi kukapemphetsa nkhani padepoti?

Inu amene munatenga makolo kumudzi n'kuwaika m'zipinda zokongola ku Area 9 ndi kwina konseko, munawafunsapo chimene chimawadzutsa m'mawa? Ndikufunsa moona, si chipongwe. Ife a m'tauni moyo wa nkhalamba timauyeza ndi makina. Manambala akakhala bwino timati agogo ali bwino, n'kuwayatsira wailesi ya kanema kuti azionera tsiku lonse.

Koma kumudzi munthu wamkulu amaoneka pamaliro. Amakhala pamodzi ndi amuna anzake, amafunsidwa za mwambo, amalankhulira banja. Akasowa kamodzi amati wadwala. Akapitiriza kusowa amati tauni yamulowa, sakutiwerengeranso. Paja maliro n'kulirana. Kodi adokotala aja, pamene ankaletsa nkhani zodetsa nkhawa, ankadziwa kuti kwa munthu ngati abambo kusamva malirowo ndi nkhawa yoposa?

Mlamu wanga ndi wa kumpoto, munthu wofatsa, amagwira ntchito m'boma ku City Centre. Anandifunsa modekha kuti nanga akanawauza, abambo n'kukagwa kumanda dzuwa likuswa mtengo, bwenzi ine ndikulalatira ndani? Bwenzi ndikulalatira iyeyo, ndikudzidziwa.

Tili m'galimoto abambo analankhula kamodzi kokha.

"Mapiritsi anuwo ndikumwa, sindikana. Koma mukunditalikitsira moyo kuti ndidzafe ndilibe munthu. Tsiku langa likadzafika, manda adzakumba ndani? Anzanu a kuofesi?"

Dzulo tinawaperekeza kumudzi kukapepesa. Mayi wamasiye, mkazi wa a Chimkoko, anawalandira pakhonde, n'kuwauza mosabisa kuti anthu ankati a m'tauni maliro a kuno sawaonanso. Abambo anangoweramitsa mutu. Amuna achikulire anayamba kubwera mmodzimmodzi, ndipo ndinamva abambo akuseka, chinthu chimene sindinachimvepo m'nyumba ya ku Area 12 ija.

Nthawi yobwerera itakwana, anatiuza kuti tiwasiyire mapiritsi, ife tizipita. Adzatiuza okha tsiku lodzawatenga.

Esinati analira njira yonse. Akuti kumudzi awapatsa thobwa la shuga, chipatala chili kutali, usiku akakomoka adzawaona ndani. Zonsezi n'zoona, ndipo nanenso zikundiopsa. Ndinafuna kubwerera kukawanyamula mokakamiza, koma ndinadziletsa.

Ndiye ndiuzeni, inu amene munadutsamo kale. Kholo likasankha kukhala ndi anthu ake, ngakhale masiku ake achepe, mwana wolikonda amatani: amalitsekera geti, kapena amalisiya?